Gemu ya Link's Awakening njovutadi, koma si njuga

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tiyankhulepo za magemu a m'manja. Kuno ku Chipata nkhaniyi ikabuka, kaya ndi pamsonkhano wa makolo kusukulu kapena pamacheza a kumpingo, magemu onse amawerengedwa pamodzi ndi kubetcha kwa pafoni kumene kukutha ndalama za anyamata athu. Kubetchako ifenso tikudana nako. Koma pali magemu ena amene safuna ngakhale ngwee imodzi ukawagula, safuna bandulo, ndipo mwana sangawamalize ngati sawerenga, sakumbukira komanso sadekha. Tikufuna tifotokoze imodzi mwatsatanetsatane, kuti makolo aweruze okha, ndiponso kuti achinyamata amene anaisiyira panjira adziwe pamene panalakwika.

Dzina lake ndi The Legend of Zelda: Link's Awakening, yopangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Nintendo. Inatuluka mu 1993 pa kamakina ka m'manja kotchedwa Game Boy, ntchitoyo itatsogoleredwa ndi Takashi Tezuka. Mu 1998 inatulukanso ili ndi mitundu pa Game Boy Color, dzina lake litawonjezedwa zilembo DX, ndipo mu 2019 anaimanganso mwatsopano pa Nintendo Switch. Mnyamata wotchedwa Link, bwato lake litasweka ndi namondwe, amadzuka pachilumba cha Koholint, m'mudzi wa Mabe, m'nyumba ya mtsikana Marin ndi bambo ake a Tarin. Kuti achoke pachilumbapo ayenera kutola zoimbira 8 m'mapanga 8, kenako akadzutse chinsomba chachikulu chotchedwa Wind Fish chimene chili mtulo m'dzira lalikulu pamwamba pa phiri. Mu gemu yakaleyo chilumba chonse chinagawidwa m'timabwalo 16 mulitali ndi 16 mulifupi, tonse pamodzi 256, ndipo pasikirini pamaoneka kabwalo kamodzi kokha nthawi iliyonse.

Chovuta choyamba chili m'manja mwenimweni. Game Boy ili ndi mabatani awiri okha ogwiritsira zida, A ndi B. Lupanga limafuna batani, chishango chimafuna batani, nthenga yodumphira imafunanso lake. Choncho pa chipinda chilichonse wosewera ayenera kusankha zida ziwiri, zina zonse n'kukhala m'thumba. Ongoyamba kumene amamatira lupanga pa batani limodzi osalichotsanso, ndiye amakhala akusewera ndi batani limodzi lokha. Pali malo amene lupanga liyenera kuchoka. Dzenje lalikulu kwambiri silidumphika ndi nthenga yokha: umaika nsapato zothamangira pa batani limodzi, nthenga pa linzake, n'kuyamba liwiro uli patali, ukafika m'mphepete ndiye udine nthenga. Ukadina msanga umagwera pakati, ukachedwa umalowa m'dzenje usanadumphe. Chimodzimodzi bomba ndi uta: ukaziika pa A ndi B n'kudina mabatani onse awiri nthawi imodzi, muvi umanyamula bombalo kukaphulitsa patali. Gemu sikuuza zimenezi, umazitulukira poyesa.

Chachiwiri, chimene chimagwetsa ambiri, ndi kudumpha mawu. Ana athu anazolowera kudinadina batani kuti zolemba zichoke msanga, koma muno yankho la chovuta chilichonse limakhala litanenedwa kale ndi wina wake. Mawuwo ali m'Chingelezi chosavuta, chimene mwana wa giredi 6 kapena 7 angachimve ndi thandizo pang'ono. Pachilumbapo pali tinyumba ta telefoni timene ukalowamo n'kunyamula foni, nkhalamba ina yotchedwa Ulrira imakuuza kumene uyenera kulowera. Palinso kadzidzi amene amatera patsogolo pako n'kukulangiza. Tikudziwa kuti kwathu kuno kadzidzi akalira padenga anthu sagona tulo, ndipo makolo ena akamuona pasikirini amakwinya nkhope. Mu gemuyi iye ndi mlangizi chabe, ndipo kholo limene lili ndi nkhawa ndi zamatsenga za m'nthanoyi likhale pansi ndi mwana theka la ola lione lokha, m'malo moletsa chinthu chimene silinachione.

Taonani mmene chiyambi chimayendera. A Tarin amakupatsa chishango, koma lupanga lili kugombe, kumwera kwa mudzi, ndipo njira yatsekedwa ndi tizilombo taminga. Wopanda lupanga sangatiphe. Amatikankha ndi chishango. Ukatola lupanga umapita kunkhalango, kumene kanyama kena kamakusocheretsa nthawi zonse ukafuna kudutsa. Kumenya sikuthandiza. Uyenera kupeza bowa podutsa m'phanga la m'nkhalangomo, kumupereka kwa gogo wina wophika mankhwala amene amamusandutsa ufa, n'kudzawaza ufawo pa kanyamako. Pamenepo ndiye njira yopita ku kiyi wa phanga loyamba imatseguka. M'mphindi zochepazo gemu yakuphunzitsa kale lamulo lake lonse: chimene chakutsekera njira chili ndi chida chake, ndipo chidacho chili penapake pamene ungathe kufika.

Phanga lachiwiri, Bottle Grotto, lili ndi chipinda chimene timakonda kuyesera nacho munthu ngati akuwerenga. Muli adani atatu: kachilombo ka makutu aatali kotchedwa Pols Voice kamene katsekeredwa ndi miyala, mleme, ndi msilikali wamafupa wotchedwa Stalfos. Ukawapha mwachisawawa palibe chimachitika, ndipo kiyi wamkulu wotsegulira chipinda cha chilombo chachikulu satuluka. Langizo lili pakhoma m'chipinda china, koma kuti uliwerenge uyenera kupeza kaye chidutswa chimene chinachoka pamenepo, chomwe mu DX ndi mlomo wa chiboliboli cha kadzidzi. Langizolo limangotchula woyamba ndi wotsiriza: yamba ndi Pols Voice, maliza ndi Stalfos. Wapakatiyo umamupeza wekha pochotsera, ndi mleme. Komanso lupanga silimupha Pols Voice. Umakankha miyala kuti ufike pamene ali, n'kunyamula mtsuko ndi chibangili champhamvu chimene wachipeza m'phanga lomwelo, n'kumugenda nawo. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti mleme umauluka n'kudzadzigunda pa lupanga usanafike nthawi yake. Zikatero usataye nthawi, tuluka m'chipindamo ulowenso, onse atatu amabwerera. Njira yabwino ndi kuchotsa lupanga pa batani mpaka mtsuko utagwira ntchito yake.

Zilombo zikuluzikulu za kumapeto kwa mapanga nazonso ndi mafunso, si nkhondo ya zala. Cha m'phanga loyamba chimavulala kumchira kokha, ndipo chikakugunda chimakukankhira kunja kwa bwalo n'kugwera pansi, choncho ima pakati, osati m'mphepete. Cha m'phanga lachiwiri chimabisala m'botolo: menya botololo ndi lupanga kuti liime, linyamule, uliponye kukhoma, katatu, mpaka lisweke. Cha m'phanga lachitatu sichioneka n'komwe ukalowa, chili kudenga, ndipo chimagwa pokhapokha ukathamanga ndi nsapato zija n'kugunda khoma. M'phanga lachisanu muli chigoba chachikulu chimene umakumana nacho kanayi: lupanga limangochigwetsa pansi, chimene chimachipweteka ndi bomba loikidwa pa mafupawo chisanadzuke. Wolowa m'phanga limenelo ndi mabomba awiri kapena atatu adzabwerera kusitolo ulendo wautali.

Pa ndalama za mu gemu, zotchedwa rupee, pali masamu ofunika. Fosholo imagulidwa 200, uta 980, pamene thumba mu gemu yakale limalekera pa 999. Ndiye kuti ukatsegula bokosi la 200 uli kale ndi 900, zoposa theka zatayika. Ukaona kuti wayandikira 980, pita ukagule uta usanatsegule mabokosi ena. Ana ena amauzana kuti uta ungabedwe pozungulira mwini sitolo mpaka atayang'ana kumbali. N'zotheka, koma kuyambira pamenepo anthu onse pachilumba amaleka kukutchula dzina lako, amakutcha THIEF mpaka gemu kutha, ndipo tsiku limene udzalowenso m'sitolomo mwini wake amakupha pomwepo. Imfa imeneyo imawerengedwa, ndipo mapeto apadera amene amaoneka kwa amene wamaliza osafa ngakhale kamodzi amakhala atapita.

Chimene ambiri amachiyesa chongokometsera, chonsecho ndi msana wa gemu yonse, ndi msinthano wa katundu. Umayenda ngati mmene amachitira kumidzi ya ku Katete kapena ku Chadiza nthawi yokolola, pamene chimanga chimagula mbale kapena chitenje popanda ndalama kuoneka. Umayamba ndi kachidole ka Yoshi kamene umakawina pa makina okokera zinthu m'mudzi wa Mabe, polipira ma rupee 10. Kachidoleko umapatsa mayi wa mwana wakhanda, iye n'kukupatsa riboni. Riboni amasanduka chitini cha chakudya cha galu, chitinicho ng'ona ya kugombe imachilandira n'kukupatsa nthochi. Apa ndiye pamene anthu amakakamira: popanda nthochizo sungalowe m'linga la Kanalet, chifukwa ndi anyani amene amamanga ulalo wolowera kumeneko, ndipo sagwira ntchito asanadye. M'lingamo ndi mmene muli masamba 5 agolide amene kalonga wina wotchedwa Richard amafuna asanakulole kukafukula kiyi wa phanga lachitatu, ndipo kufukulako kumafuna fosholo ija. Munthu amene ananyoza kachidole pa ola loyamba amadzazungulira chilumba chonse osadziwa chimene chamutsekereza.

Anyani aja amasiya ndodo, ndodo imabweretsa chisa cha uchi kwa a Tarin, uchi umabweretsa chinanazi, ndipo zimapitirira choncho kudutsa duwa, kalata, tsache, mbedza ndi mkanda mpaka utapeza galasi lokulitsa zilembo. Galasilo ndi lowerengera buku la zilembo zing'onozing'ono m'laibulale ya ku Mabe, limene limapereka mivi 8 yosonyeza njira ya m'kati mwa dzira lija. Njirayo si imodzi kwa aliyense. Ukakopera ya mnzako ukhoza kumangozungulira mumdima. Lemba yako papepala, muvi uliwonse m'malo mwake.

Papepala pomwepo ndi pamene tikufuna kutsindika. Gemuyi imafuna kope la masamu, lija la timabokosi, ndi pensulo. Kabokosi kamodzi kaimire chipinda chimodzi. Lemba pamene pali khomo lokhoma, khoma long'aluka, bokosi limene ukuliona koma sungalifikire, ndi mwala umene sungathe kuunyamula pakali pano. Mapu a mu gemu amaonetsa zipinda zokha, sakumbutsa chifukwa chimene unabwererera. Kampasi nayo ili ndi ntchito imene ambiri saidziwa: ukalowa m'chipinda chimene muli kiyi wobisika imalira kamawu kake. Wosewera atatseka mawu kuti asasokoneze a m'nyumba samva kulirako, ndiye amadutsa kiyi kangapo konse. Tizomvera ta m'makutu timathetsa vutoli.

Popanda kope, phanga lachisanu ndi chiwiri, nsanja ya Eagle's Tower, ndi pamene ambiri amagonjera. Nsanjayo ili ndi nsanjika zinayi, ndipo pamwamba sipafikika mpaka utagwetsa nsanjika yachinayi kuti ikhale pa yachitatu. Umachita zimenezi pothyola zipilala zinayi zimene zili pa nsanjika yachiwiri, ndipo chothyolera chake ndi mpira umodzi wachitsulo umene umaunyamula pamutu. Vuto ndi lakuti njira imene iwe ungadutse si imene mpira ungadutse. Uli ndi mpira pamutu sungadumphe dzenje, sungatsike nawo makwerero. Choncho umauponya kudutsa mpanda kapena dzenje, n'kuusiya pamenepo, iwe n'kuzungulira njira ina, nthawi zina kutsika pansi ndi kukweranso, kuti ukautole mbali inayo. Mpirawo umakhala pamene wausiya, ndiye lemba m'kope chipinda chimene uli, chifukwa ukaiwala udzausaka nsanja yonse.

Pamwamba pa zimenezo pali timiyala ta mitundu iwiri timene timakwera ndi kutsika ukamenya kagalasi kozungulira. Mtundu umodzi ukatsika, winawo umakwera. Cholakwa chofala ndi kumenya kagalasiko nthawi iliyonse ukakaona, osaganiza kuti watsegula pano koma watseka kumene mpira uli. Usanamenye, yang'ana m'kope: ndi mtundu uti umene uli pakati pa iwe ndi mpira, ndipo ndi uti uli pakati pa mpira ndi chipilala chotsatira? Dziwanso kuti ukaima pa kamwala kotsika n'kumenya kagalasi uli pomwepo, umakwera nako ndipo ungayende pamwamba pa timiyala tinzake. Maenje a nsanjika yachiwiri nawonso si onse amene ali msampha, ena ndi njira yokha yogwera pamalo otsekedwa a pansi. Chipilala chimodzi chimafikika utaphulitsa makoma ndi bomba. Ukakayika khoma, ligogode ndi lupanga: lopanda kanthu kuseri limalira mosiyana ndi lolimba. Mwana amene wathyola zipilala zinayizo yekha wasunga m'mutu mwake nyumba yosanjikizana, malo a chinthu chimene sakuchiona, ndi zotsatira za zochita zitatu kapena zinayi zam'tsogolo. Ife sitiona chifukwa chomuikira gulu limodzi ndi wobetcha mpira wa ku England.

N'chifukwa chake tikupempha achinyamata kuti asathamangire ku YouTube akangokakamira mphindi zisanu. Vidiyo imakupatsa yankho la chipinda chimodzi, koma chipinda chotsatira chimamangidwa pa nzeru imene unayenera kuitola m'choyambacho. Yamba wabwerera kwa Ulrira, werenganso langizo la pakhoma, yesa chida chimene wangochipeza kumene, chifukwa pafupifupi phanga lililonse limamasulidwa ndi chida chopezeka momwemo. Zikakanika, zimitsa ukagone.

Tinenepo za makina, popeza ambiri amene amafika kuno ndi ogwiritsidwa kale ntchito. Katiriji (kabokosi kosunga gemu kamene umalowetsa m'makina) ya 1993 ndi ya DX zimasewereka pa Game Boy yoyamba, pa Pocket, pa Color, pa Game Boy Advance ya 2001 ndi pa Advance SP ya 2003. Sizilowa pa Game Boy Micro kapena pa Nintendo DS, choncho musagule amenewo poganiza kuti onse ndi amodzi. Game Boy yoyamba imadya mabatire 4 a AA, Color ndi Advance awiri, Pocket awiri a AAA. Onsewa sikirini yawo ilibe nyale, malaiti akazima madzulo simuona kanthu. SP ndiyo ili ndi nyale komanso batire lotchaja. Mabatire otchipa a pamsika, opepuka aja, satenga nthawi, ndipo akasiyidwa m'kati amatuluka madzi n'kudya tizitsulo. Mukaona zoyera kapena zobiriwira pa masipuling'i, pukutani ndi kathonje konyowetsa ndi viniga, kenako ndi spiriti, muumitse bwino musanaike ena. Mabatire otchajanso ndi kasola kakang'ono ndiwo amapulumutsa ndalama.

Mukayatsa n'kuona dzina la Nintendo litaphwanyikaphwanyika kapena litasanduka mzere wakuda, makina sanafe, ndi mano a katiriji amene ada. Osauzira ndi pakamwa, chinyezi cha mpweya chimabweretsa dzimbiri. Pukutani manowo ndi kathonje ka spiriti mpaka kasiye kuda. Vuto lina ndi gemu imene imayamba bwinobwino koma mawa lake zonse zimene munasunga zapita. M'kati mwa katiriji muli kabatire kozungulira ka mavoti 3 kamene kamasunga ulendo wanu, ndipo ka 1993 kapyola zaka 30. Okonza mafoni a ku Kapata kapena ku Saturday Market angathe kukasintha. Pamafunika sikuludiraiva yapadera ya mamilimita 3.8, ndi kabatire ka nambala yofanana ndi yolembedwa pa kakaleko, kokhala kale ndi timapiko towotcherera. Asawotcherere pa batire lenilenilo, likatentha limaphulika, ndipo aonetsetse mbali ya + asanachotse kakale. Kusinthako kumafufuta zimene zinasungidwa, choncho kuchitike musanayambe ulendo, osati muli pa phanga lachisanu ndi chimodzi.

Ena amasewera pafoni ndi makope otengedwa pa intaneti. Amenewo Nintendo sinawaloleze, ndipo mabatani ojambulidwa pagalasi amalephera pamene pafunika kudina awiri pamodzi, monga pa kudumpha kwa nsapato ndi nthenga. Njira yovomerezeka lero ndi Switch kapena Switch Lite, pamene pali gemu ya 2019, komanso DX imene inaikidwa pa Nintendo Switch Online mu 2023. Ya 2019 njofewerapo: lupanga, chishango ndi nsapato zili ndi mabatani akeake, ndipo imasunga yokha. Kwa mwana wamng'ono ndiyo yoyenera. Koma kwa ife yakale ija, ndi mabatani ake awiri, ndiyo imaphunzitsa kusankha.

Kwa makolo amene nkhawa yawo ndi nthawi, nkhawayo njomveka, ndipo gemuyi siipereka chifukwa choti mwana akane kuzimitsa. Mu yakale, kusunga kumachitika podina A, B, Start ndi Select nthawi imodzi n'kusankha kusunga. Ambiri sadziwa zimenezi, amangozimitsa n'kutaya ntchito ya tsiku lonse, ndiye mawa amalimbana ndi amayi awo kuti asawalande. Akasunga bwino, makiyi amene atola, zitseko zimene atsegula ndi zida zonse zimakhalapo, ndipo amayambira pakhomo limene analowa komaliza. M'phanga, akagonjetsa chilombo chapakati pamatseguka njira yachidule yochokera pakhomo kufika pamenepo. Choncho mukamuitana kuti akatunge madzi kapena akalembe homuweki, mphindi imodzi yokha njokwanira kuti adine mabatani anayiwo.

Ife okonda ndi kukonza magemu a m'manja,
Chipata